Mutu 6: Wogwira Chingwe Alibe Mthunzi

1. Chibwano

Dzina loti Nalimata anamupatsa ndi anzake a ku kalabu ya okwera matanthwe, chifukwa mtsikanayu akamata pakhoma sankagwa. Kalabuyo inkakumana m'nyumba yakale yosungiramo katundu, kuseri kwa siteshoni ya basi. M'menemo munali khoma lamatabwa lokhomedwa timiyala ta pulasitiki, ndipo pakhoma limenelo panalibe womuposa. Anali mtsikana wa ku sekondale, wochepa thupi, wa zala zolimba, ndiponso, tinene zoona, womva zake zokha.

Koma khoma lamatabwa si thanthwe. Loweruka lililonse kalabu inkapita kunja kwa tauni, kumene kunali thanthwe lalitali loyang'ana kumadzulo. Chapamwamba pake thanthwelo linatulukira kunja ngati chibwano cha munthu wamakani, ndipo njira yodutsa pamenepo ankangoitchula kuti Chibwano. Anzake onse a msinkhu wake anali atadutsapo. Nalimata yekha ndiye ankati akafika pansi pa Chibwano, manja n'kuterereka, iye n'kutsala akulendewera pa chingwe.

Anyamata a m'kalabumo sanachedwe kupeza nthabwala. Ankati nalimata ndi kanyama ka m'nyumba, kamadziwa makoma a penti basi. Iye ankaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha.

Munthu sakwera thanthwe yekha. Wokwera amamanga chingwe pa lamba wa m'chiuno, ndipo akamakwera amachikoleka m'ngowe zachitsulo zokhomedwa m'thanthwemo. Pansi pamatsala mnzake wogwira chingwe. Ameneyu amapereka chingwecho pang'onopang'ono kudzera m'kachitsulo ka pa lamba wake, ndipo wokwera uja akaterereka, iyeyu ndi amene amamugwira kuti asafike pansi.

Wogwira chingwe wa Nalimata anali bambo ake.

Bambowo anali telala, wa shopu yaing'ono pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Anali munthu wonenepa, woseka msanga, woopa kukwera ngakhale pampando kuti asinthe babu. Mwana wawo atayamba masewerawa, iwo anati sangasiye moyo wa mwana m'manja mwa anyamata amene amagwira chingwe diso lina lili pa foni. Anapita okha kwa mphunzitsi wa kalabuyo, amene onse ankamutchula kuti aKochi, n'kuphunzira ngati mwana wa sukulu. Posapita nthawi anakhala ogwira chingwe odalirika kuposa onse.

Vuto lawo linali limodzi. Mawu oti "ayi" kwa mwana wawo ankawalemera pakamwa. Amayi ake a Nalimata, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ankati makolo ena mwana akalirira nyanga ya nsatsi amamusemera kuti imufotere yekha, koma amuna awowa akhoza kukasaka ng'ombe yeniyeni.

2. Mawu a aKochi

Chaka chimenecho chilimwe chinabwera ndi ukali. Phula la mumsewu linkamata ku nsapato. Mu shopu ya atelala fani inkangozungulitsa mpweya wotentha, ndipo makasitomala ankayesa zovala zawo mothamanga kuti athawemo.

Lachisanu madzulo aKochi anasonkhanitsa ana onse pansi pa khoma lamatabwa lija. AKochiwa anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene anapuma pa ntchito ya ozimitsa moto. Za kutentha sanachite kuwerenga m'buku, anazimva ndi khungu lawo.

"Ana inu, mawa kuthanthwe kulibe," anatero. "Loweruka linalo kulibenso. Tidzabwererako kunja kukazizira. Ndikuona ena mwayamba kale kutupa masaya, koma tamverani kaye.

"Thanthwe lija m'mawa limakhala mumthunzi, n'zoona. Koma nyengo ino mthunzi umene uja ndi wabodza. Umafupika msanga, ndipo pansi timaima paja ndi pa miyala yokhayokha. Miyala imamwa dzuwa n'kukubwezera kumaso. Mphepo sidutsapo. Pamakhala ngati mu uvuni.

"Inu okwera mumangoganiza za manja anu. Mumati thukuta likunditereretsa, nsapato zafewa, choko chopaka m'manja chatha. Zimenezo n'zazing'ono. Ine amene ndimamuopera ndi wogwira chingwe. Wokwera akatopa amapuma, akafuna amatsika. Wogwira chingwe sasankha poima, amaima pamene chingwe chamuika. Sangathawire kumthunzi. Sangakatole botolo la madzi, chifukwa dzanja lake silichoka pa chingwe ngakhale mavu amulume. Khosi lili chagada, maso ali kwa iwe, dzuwa likumuphika. Ndipo wogwira chingwe wabwino sadandaula, amaopa kukusokoneza. Ndiye udindo womuyang'ana ndi wako, iwe uli pamwambawe.

"Kutentha sikupha mwaphokoso. Munthu amayamba ndi mutu, kenako chizungulire, kenako amalankhula zosamveka. Mukadzaona munthu wafika pamenepo musadikire. Muikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumthire madzi thupi lonse, mumkupize, wina athamangire thandizo. Ngati sakuzindikira musamumwetse, angatsamwe. Ine ndaonapo amuna amphamvu, onyamula mapaipi amadzi paphewa, akugwa chagada popanda wowakankha. Nanga inu ndinu ndani?"

Ana ambiri anagwedeza mitu. Nalimata ankamasula nsapato zake, mawu a aKochi akungomudutsa pamwamba. Chimene iye anamva n'chakuti Chibwano chimudikira mpaka chilimwe chithe, ndipo nthabwala ya nalimata wa m'nyumba akhala nayo nthawi yonseyo.

Bambo ake sanali pa msonkhanowo. Anali ku shopu, akulimbana ndi mayunifolomu a anthu.

3. Patebulo

Madzulo amenewo bambowo anafika kunyumba tepi yoyezera zovala ikadali m'khosi, monga mwa masiku onse. Akusamba m'manja anafunsa ngati kalabu inyamuke m'mawa ngati kale. Apa ndi pamene Nalimata akanangonena zoona, nkhani yonse n'kuthera pomwepo. M'malo mwake anati anzake ambiri sapita, koma aKochi alola kuti amene ali ndi chingwe chake apite, bola alawirire.

Bodzalo linatuluka mosavuta moti mwiniwake anadabwa nalo.

Amayi ake anaika mbale patebulo, n'kuyang'ana amuna awo.

"Abambo, inu si mnyamata," anatero. "Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi mukumwawa amachotsa madzi m'thupi. Ndimauza anthu zimenezi tsiku ndi tsiku kuntchito, koma m'nyumba mwanga muno ndiye mulibe wondimvera. Dzulo lomweli mwabwera mukudandaula mutu. Thanthwe silithawa, lakhala pamene paja ife tisanabadwe. Ndipo iwe mtsikana, ukawaona bambo akowa akuseka usamayese ali bwino. Awa amaseka ngakhale singano ya makina itawaboola chala. Ngati aKochi alola, chabwino, iwo ndi amene amadziwa. Koma dzuwa likangokwera mubwerere. Za 'kamodzi kokha' zako zija sindikufuna kuzimva."

Bambowo anaseka, nati akazi awo asade nkhawa. Ntchito yawo kumene kuja inali kungoima, wotopa anali wokwerayo. Anamutsinzinira diso mwana wawo, ndipo iye anaweramira m'mbale.

4. Mthunzi ufupika

Analawiriradi, koma sanafike msanga. Panjira anadzera ku shopu kukapereka thalauza kwa kasitomala wina amene anali ndi ulendo. Kasitomalayo ataiyesa anati mwendo umodzi watalika. Telala weniweni salola thalauza yotere kutuluka pakhomo pake, choncho bambowo anakhala pamakina n'kuyamba kusomola. Nalimata anaima panja ndi chikwama cha chingwe kumsana, akuyang'ana dzuwa likukwera pamwamba pa madenga.

Atafika anasiya njinga yamoto m'mbali mwa msewu n'kutsata kanjira kolowera kuthanthwe. Kunalibe munthu. Nyenje zokha ndi zimene zinkalira m'tchire louma. Bambowo anayang'ana uku ndi uku, nafunsa ngati analidi okha. Nalimata anati mwina ena akubwera m'mbuyo. Limeneli linali bodza lachiwiri, ndipo linatuluka mosavuta kuposa loyamba lija.

Pansi pa thanthwe mthunzi unali ukadali waukulu. Chikwama ndi mabotolo amadzi anaziika m'phanga laling'ono chapambali, kuti madziwo asatenthe. Anavala malamba ndi zisoti. Bambowo anagwira mfundo ya pa lamba wa mwana wawo, n'kuitembenuza, n'kuikoka, mmene ankayesera msoko wa jekete. Atakhutira anamumenya paphewa kuti ayambe.

Chigawo chapansi Nalimata anachidutsa ngati akukwera masitepe a kunyumba. Ankaviika zala m'kathumba ka choko, kugwira, kuponda, kukoleka chingwe m'ngowe, kupitirira. Chingwe chinkamutsatira mofewa, osakoka, osalekerera. Umu ndi mmene bambo ake ankagwirira, moti munthu ankaiwala kuti pansi pali wina.

Pansi pa Chibwano panali pabwino. Mwala wotulukira uja unkatchinga dzuwa ngati khonde, ndipo kamphepo ka m'mwamba kankamuuluzira malaya. Nalimata anaseka yekha. Kutentha kumene aKochi anakuchitira msonkhano wonse uja kunali kuti?

Anatambasula dzanja kufuna mng'alu wa pamwamba pa Chibwano. Zala zinagwira, mapazi anachoka, ndipo anagwa. Chingwe chinamugwira mofatsa. Analendewera, anapuma, anapukusa manja, anayesanso. Anagwanso. Bambo ake anamukuwira kuti wachita bwino, watsala pang'ono.

Kuti amuone bwino mwana wawo pansi pa Chibwano, bambowo anayenera kuima chapatali pang'ono ndi thanthwe. Pamenepo ndi pamene mthunzi unayambira kuchoka.

Nalimata sanawerenge kuti anagwa kangati. Munthu ukalusira chinthu nthawi imathamanga osakutsanzika. Ali chilendewerere, akupumitsa mikono, anamva bambo ake akuitana.

"Mayi wanga, mthunzi wandithawa kuno. Bwanji titsike timweko madzi?"

Nalimata anayang'ana pansi. Tisamunamizire kuti sanaone, chifukwa anaona zonse. Anaona mzere wa mthunzi utabwerera kufupi ndi thanthwe. Anaona bambo ake ali pakati pa miyala yowala, chisoti chikunyezimira, malaya atada ndi thukuta. Anaona phanga la mabotolo lija lili patali ndi iwo. Mawu a aKochi anafika m'khutu mwake bwinobwino.

Koma kutsika kunatanthauza kudzayambiranso pansi, mikono itatopa kale. Ndipo nthawi yomweyo anali ataona kamwala kotulukira kumanzere, kamene sanakaonepo masiku onse.

"Kamodzi kokha, ababa," anatero.

"Chabwino, kamodzi," anayankha bambowo.

Nalimata anatembenuzira nkhope yake kuthanthwe.

Sikanali kamodzi. Anayesa kuponda kamwala kaja ndi chala cha phazi, anaterereka. Anapuma. Anayesa ndi mbali ya nsapato, anatererekanso. Bambo ake sanaitanenso, ndipo iye anakondwera kuti amusiya aganize bwino. Kenako nzeru inabwera. Anakweza mwendo mpaka m'chiuno, nakoleka chidendene pa kamwalako, nakoka thupi lonse ndi mwendowo. Dzanja linalowa mumng'alu mpaka m'kati. Mimba inakwekwereza pa mwala, ndipo anapezeka ali pamwamba pa Chibwano.

5. Pamwamba

Kumtunda kumeneko kunalibe khonde lomutchinga. Dzuwa linamumenya pamsana ngati mbama. Mwala unali wotentha ngati simbi ya ku shopu, ndipo ngowe yoyamba imene anaigwira inamuwotcha zala. Apa ndi pamene anadziwira mmene kunja kunatenthera nthawi yonse imene iye anali pamthunzi.

Komabe chimwemwe chinali chitamukwera kumutu. Anamaliza kachigawo kotsalako mothamanga, nakoleka chingwe m'mphete ya pamwamba. Ankaona kale nkhope za anyamata aja Lolemba. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Ababa, ndafika! Nditsitseni!"

Pansi panali zii. Nyenje zokha zinkalira.

Anaitananso. Kuchokera pamene anali sankatha kuwaona, Chibwano chinkatchinga. Chingwe chinali chokungika, kusonyeza kuti wina anali atachigwirabe. Anaitana kachitatu, ndipo mawu ake anatuluka aang'ono ngati a mwana wa ku mkaka.

Kenako chingwe chinayamba kuyenda. Sikunali kutsitsa kwa bambo ake. Chinkati kuyenda pang'ono n'kuima, kuyenda n'kuima, mpaka lamba ankamudula m'chiuno. Atadutsa Chibwano anayang'ana pansi. Bambo ake anali atagwada pa miyala, mutu utazyolika, manja onse awiri ali pa chingwe. Sankayang'ananso kumwamba. Ankangopereka chingwecho pang'onopang'ono, ngati munthu wogwira ntchito ali m'tulo.

Anamutsitsa mpaka mapazi ake anaponda pansi. Chingwe chitangolefuka, iwo anagwera chammbali.

Nalimata anathamangira pomwepo chingwe chikadali m'chiuno. Nkhope ya bambo ake inali yotentha moti anabweza dzanja. Milomo inali itauma gwa. Maso anali otsegula koma sankamuyang'ana. Ankalankhula motsitsa za thalauza ija, kuti mwendo wamanzere ndiye wotalika, awabweretsere sizasi. Zala zawo anachita kuzikanula chimodzichimodzi kuti zisiye chingwe.

Mawu a akulu akoma akagonera. Zonse zimene aKochi ananena dzulo lake zinabwera tsopano, m'ndondomeko yake, pamene zinali zitachedwa.

Anawagwira pa lamba n'kuyamba kuwakokera ku kamthunzi kotsala m'tsinde mwa thanthwe. Bambowo anali olemera, ndipo iye ankakoka akulira, mawondo akusupuka pa miyala. Anawavula chisoti, anamasula lamba, anang'amba mabatani a malaya. Anathamangira kuphanga kuja. Mabotolo onse anali odzaza mpaka m'khosi, palibe ngakhale limodzi lotsegulidwa. Chimenechi chinamupweteka kuposa zonse.

Anawathira madzi kumutu, m'khosi, m'khwapa, pachifuwa. Anawakupiza ndi chivundikiro cha chikwama mpaka mikono inakana. Anawagoneka chammbali. Anatulutsa foni, koma m'tsinde mwa thanthwe munalibe netiweki.

Kuwasiya okha kunali koopsa, kukhala nawo kunalinso koopsa. Anawauza kuti akubwera, ngakhale sankamumva, n'kuthamangira kumsewu atavala nsapato zokwerera zomwe zija, zothina, zosayendera.

Galimoto yoyamba inamulambalala. Yachiwiri inali lole ya mchenga, ndipo iye anaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba. Dalaivala anatsika atakonzeka kukalipa, koma ataona nkhope ya mtsikanayo anangofunsa kuti kuli kuti. Anatenga chigubu cha madzi kuseri kwa mpando, naitana mnzake amene anali naye, onse n'kuthamanga.

Anawakhuthulira chigubu chonse bambowo, n'kuwanyamula awiriwiri mpaka kumsewu. Ali m'lole, mutu wa bambo ake uli pamiyendo pake, Nalimata anamva dalaivala akulankhula maso ali kutsogolo.

"Mwana iwe, lero ngakhale mbuzi zili pansi pa mitengo. Ife tikuyenda chifukwa ndi ntchito. Inu kumene kuja mumafunako chiyani?"



6. M'khonde la chipatala

Kuchipatala anamwino anawalandira bambowo mothamanga n'kutseka chitseko. Nalimata anatsala pabenchi m'khonde, lamba wokwerera akadali m'chiuno, manja ali mbuu ndi choko. Anthu odutsa ankamuyang'ana modabwa. Anaimbira amayi ake, ndipo sanathe kunena zambiri kupatula dzina la wodi.

Amayiwo anafika atavala gawuni yoyera ya kuntchito, akupuma mwawefuwefu. Dokotala atatuluka anawafotokozera onse awiri modekha. Anati thupi alizizitsa, ndipo mtima ukugunda bwino. Koma kutentha kunali kutakhudza impso ndi mutu, ndipo iye sakanalonjeza kuti munthuyo adzabwerera mmene analili. Zimenezo zidzaoneka m'masiku akubwerawo. Anawonjeza kuti amene anawathira madzi msanga ndi amene wachititsa kuti afike ndi moyo.

Nalimata ankadikira kukalipiridwa, ndipo akanakonda atakalipiridwa. Koma amayi ake anamukumbatira. Anamupukuta choko kumaso ndi gawuni yawo, namuuza kuti wachita chamuna, wapulumutsa bambo ake. Palibe chilango chowawa ngati kuyamikiridwa pa chinthu chimene wachiononga wekha. 

Kenako amayiwo anamusiya, nkhope yawo n'kusintha.

"Koma aKochi akowo andiuza bwino lero," anatero. "Mayi wamkulu ngati amene uja, woti anagwirapo ntchito ya moto, angalole bwanji anthu kupita kuthanthwe dzuwa likuswa mtengo chonchi? Ine ndinalola dzulo chifukwa ndinati iwo ndi amene amadziwa. Ndikanadziwa kuti ndi munthu wosasamala, ndikanabisa makiyi a njinga. Ndawaimbira ndili m'njira. Ndawauza kuti kalabu yawoyo ndikaitseketsa ndi manja angawa, ana a eni ake asanathe."

Nalimata anafunsa motsitsa kuti aKochi ayankha chiyani. Amayi ake anati aKochiwo anangofunsa dzina la wodi.

Mtsikanayo anatsegula pakamwa. Mawu analipo, afupiafupi, osavuta kutchula. Koma bodza limene linatuluka mosavuta dzulo linali litatseka njira, ndipo zoona zinakanika kudutsa. Asanayesenso, namwino anasuzumira pachitseko nati akhoza kulowa, koma asachedwemo.

Bambowo anagona pabedi la pafupi ndi zenera, atafunditsidwa nsalu zonyowa, dilipi ili pamkono. Munthu wonenepa uja ankaoneka wochepa. Maso anali otsegula, akuyendayenda kudenga. Akazi awo atawagwira pamphumi iwo anayesa kudzuka, ndipo namwino anawabweza.

"Mwana wanga ali pamwamba," anatero ndi mawu osasa. "Ndamusiya pamwamba. Ndani akumugwirira?"

Nalimata anagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanja lawo.

"Ababa, ndine. Ndili pano. Munanditsitsa bwinobwino."

Bambowo anatembenuza mutu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, mmene munthu amayang'anira mlendo amene sakumukumbukira.

"Pepani mayi," anatero. "Ngati mukulowera chakumeneko, mukamuuze asaope. Ndikubwera."

Nalimata anaika chipumi pa chitsulo cha bedi n'kulira mopanda mawu. Chibwano anali atachidutsa, ndipo munthu yekhayo amene akanakondwera naye sankamudziwa.

Kumbuyo kwake chitseko chinatseguka. AKochi anaima pakhomo, thukuta likuyenderera m'masaya. Amayi a Nalimata anadzuka pang'onopang'ono n'kuloza pabedi.

"Lowani, mayi," anatero. "Lowani mudzaone ntchito yanu."

AKochi sanadziteteze. Anayang'ana wodwalayo, kenako anayang'ana Nalimata, n'kudikira.